Munthu amene ankangofuna kukafika kunyumba

Filimu imene ndikufuna kukamba lero anandionetsa ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene ndakhala naye kuno ku Chiputula chilembereni mayeso ake a folomu 4. Anali madzulo ena m'mwezi wa Juni, kunja kukuwaza kamvula kozizira kamene anthu a ku Mzuzu tinakazolowera, magetsi atathima, ife tikuwotha mbaula pabalaza. Iye anasendera pafupi, n'kuyedzamiritsa foni yake pa botolo la shuga, n'kunena kuti, "Amalume, iyi ndi ya theka la ola basi, koma muionere mpaka kumapeto." Ine sindikonda mafilimu owomberana amene anyamata amadzazana nawo m'mavidiyo sho a ku Chibavi, ndipo ndinangovomera kuti mwanayo asakhumudwe. Itatha tonse tinakhala duu, makala akunyekera m'mbaula, ndipo chionereni filimuyi nkhani yake sinandichoke m'mutu.

Dzina lake ndi Two Distant Strangers. Anailemba ndi Travon Free, amene anaitsogolera limodzi ndi Martin Desmond Roe m'chaka cha 2020, ndipo inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu Epulo 2021. Pa 25 mwezi womwewo inalandira mphoto ya Oscar pagulu la mafilimu aafupi osewera anthu enieni. Amene simunaionere mundikhululukire, chifukwa zimene ndikufuna kunena sizinganeneke popanda kuulula mathero ake.

Nkhani yake ndi yaifupi kufotokoza. Carter, mnyamata wakuda wa mumzinda wa New York amene ntchito yake ndi yojambula zithunzi, akudzuka m'mawa kunyumba ya mtsikana wotchedwa Perri, kumene anagona. Chimene akufuna ndi chimodzi chokha, kubwerera kwawo kumene wasiya galu wake, Jeter. Atangotuluka panja akuyatsa ndudu, ndalama zake zikugwa pansi, ndipo wapolisi wachizungu wotchedwa Merk akumuyandikira n'kuyamba mafunso: fodya ameneyu ndi wamtundu wanji, ndalama zambiri chonchi wazitenga kuti, m'chikwamamo muli chiyani. Carter akuyankha mwaulemu, koma akukana kusechedwa popanda chifukwa. Mosakhalitsa ali pansi, wakanyangidwa pakhosi, akudandaula kuti akulephera kupuma, mayi wina wogulitsa malonda m'mbali mwa msewu akujambula ndi foni. Akufa pomwepo. Kenaka akudzidzimuka ali pabedi lomwe lija, m'mawa womwe uja, ndipo tsikulo likuyambanso.

Apa ndi pamene filimuyi imaugwira mtima wa woonera, chifukwa tsopano inu mukudziwa chimene chili panja, Carter nayenso akudziwa, ndipo nonse mukusaka njira yozembera. Akubisa bwino ndalama, osayatsa ndudu, koma akuphedwabe. Akuyesa kuthawa ndipo akuwomberedwa. Akuganiza zongokhala m'nyumba osatuluka, koma apolisi akuthyola chitseko atasokoneza nyumba imene amafuna, ndipo akuferanso momwemo. Ndinadzipeza ndikumulangiza chamumtima monga mmene timachitira poonera mpira, kuti mwanawe, ulendo uno dzera kuseri, ulendo uno usamuyang'ane m'maso, ulendo uno ungokhala chete. Panapita nthawi ndisanazindikire kuti opanga filimuyi akufuna kuti ine woonera ndigwe mu msampha womwewo, woganiza kuti pali china chake chimene mnyamatayu akulakwitsa, ndipo kuti akangochikonza apulumuka.

Imfa zimenezi sanazipeke m'mutu. Mawu akuti sindikutha kupuma ndi amene Eric Garner ananena maulendo 11 mu Julayi 2014 ku Staten Island, mumzinda womwewo wa New York, wapolisi atamukanyanga pakhosi. Ankamuganizira kuti akugulitsa ndudu imodziimodzi popanda msonkho, geni imene kuno kwathu imachitika pa okala iliyonse ndi pa kabenchi kalikonse ka m'mbali mwa msewu. Ndi mawu omwewonso amene George Floyd ananena pa 25 Meyi 2020 ku Minneapolis, pamene wapolisi Derek Chauvin anamupsinja khosi ndi bondo kwa mphindi zoposa 9, nkhani yake itayambira pa ndalama ya madola 20 imene ankaiganizira kuti ndi yachinyengo. Amene anajambula zonsezo anali mtsikana wa zaka 17 yemwe ankangodutsa. Kuthyola chitseko kuja kumakumbutsa za Breonna Taylor, mayi wa zaka 26 wogwira ntchito zachipatala, amene apolisi anamuwombera m'nyumba mwake usiku ku Louisville mu Marichi 2020. Khothi linamupeza Chauvin wolakwa pa mlandu wakupha pa 20 Epulo 2021, ndipo patangodutsa masiku asanu filimuyi inalandira mphoto yake. Choncho amene ankaionera nthawi imeneyo ankaonera bala likadali laliwisi.

Gawo limene landisowetsa mtendere kwambiri ndi lakumapeto. Ataphedwa maulendo 99, Carter akuganiza zochita chimene ife tonse tinaphunzitsidwa kuti ndiyo nzeru ya munthu wamkulu, kukhala pansi n'kukambirana. Akumufotokozera Merk zonse, akumuuziratu zinthu zimene zichitike mumsewumo kuti amukhulupirire, ndipo akumupempha kuti amuperekeze yekha kunyumba pa galimoto ya polisi. M'njira akucheza ngati anthu, za chimene chinamupangitsa Merk kulowa upolisi, za mmene aliyense amaonera dziko. Sakugwirizana pa zonse, koma akumvetserana. Ndinamva mtima wanga ukukhala m'malo, ndipo ndikukumbuka kuti ndinamuuza mphwanga kuti, "Waona? Kukambirana kumathetsa nkhani." Iye sanandiyankhe, anangoloza pa foni. Atafika pakhomo n'kugwirana chanza, Merk akuyamba kuwomba m'manja, akumuuza Carter kuti nayenso wakhala akukumbukira masiku onsewo, akumuwombera kumsana n'kumutsanzika kuti aonana mawa. Magazi akuyenderera pansi mpaka kupanga chithunzi cha mapu a Africa.

Alipo anthu, ena mwa iwo akuda a ku America komweko, amene anaidzudzula filimuyi kuti ikusandutsa imfa ya munthu wakuda chinthu choonerera, ndipo kuti mabanja oferedwa safunika kuonetsedwanso mobwerezabwereza zimene akuzidziwa kale. Dandaulo limeneli ndikulimva, ndipo ine ndemwe ndikuona kuti mapu a magazi aja anachita kunyanya, ngati mlaliki amene akubwereza mfundo imene mpingo wamva kale. Koma mathero aja sindingawasinthe. Opanga filimuyi akanalola kuti ulendo wa pagalimoto uja umupulumutse Carter, akanatiuza bodza lotonthoza lakuti onse amene anaphedwa anaphedwa chifukwa sanadziwe kuyankhula bwino. M'malo mwake akutionetsa kuti mnyamatayu anachita zonse zimene munthu angachite, ndipo moyo wake unakhalabe m'manja mwa munthu wina amene anali ndi mfuti komanso chitsimikizo chakuti palibe amene adzamufunse.

Tsankho la ku America lili ndi mizu yakeyake, ndipo sindikufuna kuichepetsa poiyerekeza ndi zathu. Ukapolo kumeneko unathetsedwa mu 1865, ndipo malamulo olekanitsa anthu akuda ndi azungu m'masukulu, m'mabasi ndi m'malo odyera anakhalapobe mpaka m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Ife tili m'dziko limene pulezidenti, woweruza, wapolisi ndi womangidwa onse ndi akhungu limodzi. N'chifukwa chake mawu oyamba amene ndinanena filimu itatha anali akuti anzathu kunjaku akuona zakuda. Mphwanga anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amalume, inu munayamba mwayendapo wapansi 4 koloko m'mawa kuchoka kuno kupita kudepoti?"

Iyeyu amapalasa kabaza. Amadzuka kukadali mdima kuti akachingamire mabasi ofika m'bandakucha kuchokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, chifukwa ndiyo nthawi imene makasitomala a katundu amapezeka. Amene amayenda nthawi imeneyo ndi anthu a mtundu umodzi: akabaza, amayi okapikula tomato ndi kabichi, alonda oweruka, anyamata onyamula katundu mumsika. Munthu wa galimoto sayimitsidwa kuti afotokoze kumene akupita usiku. Woyenda pansi, wovala nsapato zakutha, atafunda chijasi cha pa kaunjika, ndiye amayenera kukhala ndi yankho lokonzeka.

Tonse tinakula tikulidziwa liwu lakuti vakabu, ndipo ambiri tinkalitenga ngati gawo la moyo, monga mvula kapena malungo. Liwuli limachokera ku mlandu wa m'gawo 184 la malamulo athu a milandu, umene atsamunda anabwera nawo potengera lamulo la ku England la mu 1824 lokhudza anthu oyendayenda. Ndime ina ya gawoli inkalola kumanga munthu aliyense wopezeka pamsewu kapena pamalo ena pa nthawi ndi m'njira yopatsa maganizo akuti ali ndi cholinga choipa. Munthuyo sankafunika kuba kapena kumenya wina, kuganiziridwa kokha kunali kokwanira. Mu 2015 Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anamangidwa pa lamulo limeneli mumzinda wa Blantyre akupita ku geni yake ku Limbe m'bandakucha. Iye sanangovomera mlandu kuti alipire faindi n'kutuluka monga ambiri ankachitira. Anatengera nkhaniyi ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo mu Januwale 2017 oweruza atatu anagamula kuti ndime imeneyi ikusemphana ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko lino. Mu Disembala 2020 bwalo la Africa loona za ufulu wa anthu, limene lili ku Arusha, linanenanso kuti malamulo otere m'maiko a muno mu Africa amalanga anthu chifukwa cha umphawi wawo.

Ndikamaganiza za Gwanda ndimaona Carter wa kwathu kuno: munthu amene wadzuka m'mawa, sanalakwire aliyense, akungofuna kukafika kumene akupita, ndipo wina waona maonekedwe ake n'kugamula kuti ameneyu ndi woyenera kumufunsa. Kusiyana kwake n'kwakuti Gwanda anapeza khomo limene Carter sanalipeze m'filimu muja. Sanapambane chifukwa chomuchonderera wapolisi kapena kucheza naye bwino, anapambana chifukwa mphamvu imene inkalola kuti amangidwe inachotsedwa m'buku la malamulo. Chodandaulitsa n'chakuti nditawafunsa anzake a mphwanga amene amabwera kudzakonzera njinga pakhomo pano, palibe ndi mmodzi yemwe amene anali atamvapo za chigamulo chimenechi, ngakhale kuti ndi iwowo amene chimawateteza.

Kumapeto kwa filimuyi amalemba mayina a anthu akuda amene anaphedwa ndi apolisi ku America, ena mwa iwo n'kuwonjezerapo chimene ankachita pa nthawiyo, ndipo zambiri ndi zinthu wamba zimene aliyense amachita tsiku lililonse. Mayinawo akuyenda pa foni paja, maganizo anga anapita ku Zolozolo. Amene tinali mu Mzuzu pa 20 Julayi 2011 sitingaiwale utsi wokhetsa misozi ndi kulira kwa mfuti, pamene anthu anatuluka kukachita zionetsero zodandaula kusowa kwa mafuta a galimoto, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kayendetsedwe ka boma la Bingu wa Mutharika. Anthu 20 anafa m'dziko lonse, ndipo mzinda wathu uno ndi umene unataya anthu ambiri kuposa mizinda ina. Ena mwa iwo anaikidwa pamodzi ku manda a Zolozolo. Ndimadutsa kumeneko kawirikawiri, koma mutandifunsa mayina awo sindingathe kutchula onse, pamene la George Floyd ndimalidziwa bwino. Zimenezi zimandichititsa manyazi. Ndipo tikabwerera m'mbuyo pang'ono, ku Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchoka pano, asilikali a boma la atsamunda anawombera n'kupha anthu osachepera 20 pa 3 Marichi 1959, atasonkhana padoko pofuna kuti abale awo amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Patrick Devlin, woweruza wa ku Britain amene anatumidwa kudzafufuza, analemba chaka chomwecho kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ngakhale kwa kanthawi. Nthawi imeneyo khungu ndilo linkanena amene ali ndi ufulu wofunsa ndi amene ayenera kuyankha. Atsamunda anapita mu 1964, koma kaganizidwe kakuti pali anthu ena oyenera kuwakayikira kanatsala, kanangosintha okayikiridwa.

Ndipo nkhani ya khungu sinatheretu. Loweruka lina, patapita masabata awiri chionereni filimuyi, ndinapita ndi mphwanga ku sitolo ina yaikulu m'tauni muno. Ine ndinali nditavala jekete ndi tayi chifukwa ndinkachokera ku mwambo wa ukwati, iye anali m'zovala zake za ntchito, kachikwama ka pampu ndi masipanala kali kumsana. Anachedwa panja pokhoma njinga, choncho tinalowa payekhapayekha. Mlonda wa pakhomo anandilonjera kuti, "Takulandirani bwana." Mphwanga atafika, mlonda yemweyo anatambasula dzanja n'kunena kuti, "Iwe, chikwamacho siya apa." Anasiya osanena kanthu. Pambuyo pake panabwera azungu awiri, alendo odzaona malo, atabereka zikwama zazikulu zoti mwana angalowemo, ndipo anadutsa akumwetuliridwa. M'kati muja mnyamata wina wa m'sitolomo ankamutsatira mphwanga mzere uliwonse, akunamizira kukonza katundu pa mashelefu. Potuluka, lisiti langa anangolithira sitampa osaliwerenga, pamene la mphwanga analiwerenga akutulutsa katundu m'jumbo chimodzichimodzi: sopo, mchere, kabotolo ka mafuta ophikira.

Mlonda ameneyo si Merk. Ndi bambo wachikulire, woonda, amene mwina amachoka ku Mchengautuwa wapansi mdima womwe uja, ndipo akavula yunifolomu nayenso amauzidwa kusiya chikwama pakhomo la sitolo ina. Sanabadwe ndi maganizo akuti mzungu sangabe ndipo wakabaza angabe, anachita kuphunzitsidwa, ndipo akadziwa kuti ntchito yake ingathe atafunsa mlendo wolakwika, amasankha kufunsa amene sangamudandaulire kulikonse. Koma amene ndakhala ndikumuimba mlandu kwambiri pa tsiku limenelo ndi ine. Ndinaona zonse, ndinali ndi jekete imene ikanachititsa kuti andimvere, ndipo sindinatsegule pakamwa kunena kuti mwanayu ndi wanga. Ndinaopa kuyambitsa phokoso pa gulu. Titatuluka ndinamuuza kuti asadandaule, ndi mmene zinthu zilili, ndipo iye anangoti, "Ndinazolowera, amalume." Mawu amenewo anandipweteka kuposa chilichonse chimene ndinaona m'filimu muja.

Kuyambira pamene anayamba kabaza ndakhala ndikumupatsa malangizo, ndipo ndinkadziona ngati malume wosamala. Uziyenda ndi chiphaso cha unzika nthawi zonse. Lisiti la njinga ulikute m'pulasitiki, lizikhala m'thumba la mkati. Akakuimitsa utsike, uvule chipewa, uziti bwana. Usamatsutse, ngakhale ukudziwa kuti sunalakwe. Ukamva anthu akukuwa wakuba usathamange, chifukwa kuno wothamanga ndiye wakuba, ndipo tonse tikudziwa zimene gulu limachita ndi matayala ndi petulo munthu asanafunsidwe n'komwe dzina lake. Malangizo amenewa sindingawasiye, chifukwa ndikufuna mwana wa mlongo wanga azibwerera kunyumba madzulo alionse. Koma filimu ija inandionetsa kuti ndi malangizo omwe aja amene Carter anayesa limodzilimodzi, ndipo kuti pomuphunzitsa mwana kudzichepetsa kotere ndikumuphunzitsanso, mosafuna, kuti chikamuchitikira choipa ndiye kuti pali pamene anaphonya. Chimene sindinamuphunzitsepo n'chakuti malamulo aakulu a dziko lino amati munthu womangidwa ayenera kuuzidwa chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo ayenera kuonekera kukhothi pasanathe maola 48. Zimenezi ndinamuuza mochedwa, filimu itandikakamiza, ndipo tsopano anazilemba kuseri kwa pepala limene amakutira lisiti la njinga lija.

Filimuyi imatha Carter atadzukanso pabedi lomwe lija, akumuuza Perri kuti zivute zitani, tsiku lina adzafika kwawo kwa galu wake. Mphwanga amati gawo limeneli ndi limene amalikonda, ndipo walionera maulendo angapo. Ine limandivuta, chifukwa ndikudziwa kuti Merk akumudikirabe panja, ndipo kulimba mtima kwa mnyamatayu sikunamuchotse pamenepo. Tinatsutsana pa mfundo imeneyi mpaka usiku, iye akuti munthu ukasiya kutuluka ndiye kuti wafa kale, ine ndikuti si bwino kumusenzetsa wozunzidwa ntchito yonse ya kupirira. Sitinagwirizane.

M'mawa mwake, nthawi itatsala pang'ono kukwana 4 koloko, ndinamva akutulutsa njinga m'khitchini, tcheni chikulira pamwala wa pakhomo. Ndinadzuka, chinthu chimene sindinkachita kale, n'kukaima pachitseko nditafunda bulangete. Kunja kunali nkhungu yoti nyumba ya aneba sinkaoneka. Anapopa tayala lakumbuyo, anamanga nsanza pa kampando ka kasitomala kuti kasanyowe, n'kugwira thumba la mkati kuona ngati chiphaso chilimo. Ndinamufunsa nthawi imene abwere, ndipo anati cha m'ma 7 madzulo, mvula ikapanda kuvuta. Ndinaima pomwepo mpaka kulira kwa tcheni kunazilala kunsi kwa msewu wopita kudepoti.